Kodi Chidakwa Ndi Munthu Wotayika?

Ndapempha malo pang'ono m'magazini athu ano kuti ndilembe za munthu amene sanaphunzirepo pa sukulu pano, ndipo palibe mmodzi wa inu amene anamuonapo. Iyeyu anali mnzanga wa kumudzi kwathu ku Ntcheu, wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu, kotero kuti pamaso pake ndinali kumutcha achimwene ngakhale panalibe ubale pakati pathu. Tinamuika m'manda m'mwezi wa Ogasiti 2024, ali ndi zaka 23 zokha. Dzina lake sindilitchula, pakuti amayi ake ali moyo, ndipo zina zimene ndinene pano nzowawa kwa iwo.

Chimene chandikakamiza kulemba ndi ichi. Teremu yatha mnyamata wina wa pano anapezeka ataledzera ku msika Loweruka masana, ndipo anabwezedwa kwawo kwa kanthawi monga mwa malamulo a sukulu. Za chilangocho ndiribe mawu, chifukwa sukulu yopanda mwambo singaime. Koma madzulo ake m'chipinda chodyera ndinamva anzanga ali kuseka, ndipo wina anati, "Ameneyo watha basi. Chidakwa sichisiya mowa, chimangopumula." Ambiri anaomba m'manja. Ine ndinakhala chete, ndipo chete wangayo wandisautsa mumtima kufikira lero, pakuti ndinadziwa kuti mawuwo ngabodza. Ine ndinaona ndi maso anga chidakwa chiri kusandulika munthu watsopano, ndipo ndifuna kukuuzani umo zinachitikira.

Mnzangayu anali mwana wanzeru koposa. Ndiye anandiphunzitsa kupanga galimoto ya mawaya ndi kutchera mbewa, ndipo ku pulaimale masamu sanali kumuvuta konse. Tsoka linamufikira ali ndi zaka 13. Masiku amenewo m'magolosale ndi m'maokala munali mowa waukali wa m'timatumba ta pulasitiki, umene anthu anautcha masacheti. Kathumba kamodzi kanali kotsika mtengo kwambiri, kotero kuti mwana wopatsidwa ndalama ya mandasi anatha kukagula, nakabisa m'thumba la kabudula, nakamwa kuseri kwa chimbudzi aphunzitsi osadziwa kanthu. Anzathu a ku Zambia anali ndi vuto lomweli. Kumeneko mowawu anautcha tujilijili, ndipo boma lawo linauletsa m'chaka cha 2012. Kwathu kuno boma linauletsa m'chaka cha 2015. Koma kwa mnzangayu lamulo linafika mochedwa, pakuti chibaba chinali chitamugwira kale. Masacheti atasowa anatsata kachasu kwa amayi otcheza kuseri kwa msika, ndipo kumeneko anaphunzira kusuta chamba. Anasankhidwa kupita ku sekondale, koma anasiyira Folomu 2.

Zaka zotsatira zinali zamanyazi. Anagulitsa mabuku ake, nagulitsa mbuzi ya amayi ake, ndipo chaka china anaba thumba la feteleza limene mayiwo, amene ndi amasiye, anagula movutikira, kotero kuti banjalo linakolola pang'ono ndi kugona ndi njala. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, ndipo mayi aja anapotedwadi. Tsiku lina analowa m'nyumba mwathu tiri ku munda, natenga wailesi ya bambo anga. Kuyambira pomwepo bambo anandiletsa kulankhula naye. Ndiyenera kuulula kuti lamulolo silinandivute, chifukwa ine ndi ana anzanga tinali titayamba kale kumulondola m'njira ndi kumuimbira nyimbo zachipongwe pamene anali kudzandira. Tsiku lina ndinamugenda ndi chibuluma, munthu amene anandipangira galimoto yanga yoyamba. Choncho pamene ndidzudzula oseka a m'chipinda chodyera, ndidzidzudzulanso ine mwini.

Pamudzi pathu pali bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo ndiponso mmisiri wa matabwa. M'mawa wina m'mwezi wa Juni 2019, nthawi imene chisanu cha kwathu chimaluma kwenikweni, bamboyu anamupeza mnzangayu ali gone m'ngalande pambali pa msewu, thupi litazizira. Anthu ambiri anali atadutsa kale pamalopo. Iwo anaitana mwini ngolo, namunyamula kupita naye kwawo, namufunditsa bulangete, namupatsa phala. Atatsitsimuka, mnzangayu sanathokoze ai. Anawatukwana, ndipo pochoka anaba puleni yawo yopalira matabwa, nakaisinthanitsa ndi kachasu.

Mmawa mwake mkulu uja anafika pakhomo pa amayi a mnzangayu atanyamula kambale ka phala. Mnzangayu anaganiza kuti abwera ndi apolisi, nafuna kuthawa. Koma iwo anangoti, "Mwana wanga, imwa phalali lisanazizire. Za puleni ija ndidziwa, tidzakamba ukadzachira." Ndipo anabweranso mawa lake, ndi mkucha womwe, masabata angapo osadumphitsa. Sanali kulalika zambiri. Anali kukhala pakhonde, napemphera mwachidule, ndipo nthawi zina anali kuwerenga Buku Lopatulika. Tsiku lina anawerenga fanizo la mwana wolowerera la mu Luka 15. Mnzangayu anandiuza pambuyo pake kuti fanizolo analidziwa kuyambira ku Sande sukulu, koma tsiku limenelo anaona chinthu chimene sanachionepo: tate uja analandira mwana wake asanasambe, akali ndi fungo la nkhumba zija. Anati, "Mphwanga, ine ndinali kuyesa kuti ndiyenera kuyamba ndasiya mowa kuti Mulungu andiyang'ane. Koma mdala uja anali kubwera ndikali kununkha kachasu, nditamubera, ndipo ndinati ngati munthu achita chotere, nanga amene wamutumayo ndi wotani?" Usiku womwewo anagwada yekha m'kanyumba kake, napempha Yesu Khristu kuti amupulumutse.

Apa ena angayembekeze kuti ndinene kuti kunacha zonse zitatha. Sizinatero ai. Patapita masiku awiri osamwa, manja ake anayamba kunjenjemera, thukuta liri kamukamu, tulo osabwera, ndipo usiku wachitatu anayamba kufuula kuti ali kuona njoka pa denga. Akhristu ena anati izi ndi ziwanda, tingopemphera usiku wonse. Koma mkulu uja anakana, nati Mulungu amene anatipatsa pemphero ndi yemweyo anapatsa madokotala nzeru, ndipo anawakumbutsa kuti Luka mwini, amene analemba fanizo lija, anali sing'anga. Anapemphera, napita naye ku chipatala. Anachita bwino, pakuti a zachipatala adziwa kuti thupi limene lazolowera mowa wambiri tsiku ndi tsiku limasokonezeka mowawo ukaleka mwadzidzidzi. Munthu akhoza kugwa ngati wakhunyu, ndipo ena amafa kumene ngati sapatsidwa mankhwala. Mnzangayu anagona m'chipatala sabata yathunthu.

Ndiponso sindibisa kuti anagwa kawiri. Koyamba kunali ku ukwati, kumene anzake akale anamunyengerera kuti kapu imodzi siipha munthu. Kachiwiri kunali pamene analandira ndalama zake zoyamba za ntchito. Nthawi zonse ziwiri anthu anati, "Si uja tinanena?" Koma nthawi zonse ziwiri m'mawa mwake anapita yekha kwa mkulu uja, matsire ali m'mutu, naulula, nayambanso. Kuchokera m'chaka cha 2020 kufikira imfa yake, zaka zinayi, sanalawenso mowa kapena chamba.

Nanga chikhulupiriro chakecho chinaoneka bwanji? Chinaoneka m'zinthu zazing'ono zimene wina angazipeputse. M'mawa uliwonse anali kupempha mphamvu za tsiku limenelo lokha, osati za chaka chonse. Popita ku msika anali kuzungulira njira yaitali ya kudambo kuti asadutse pa nyumba yotchezera kachasu. Tsiku lolandira ndalama anali kuzipereka kwa amayi ake kuti asunge. Mkulu uja anamuphunzitsa ukalipentala, ndipo puleni yoyamba imene anagula ndi thukuta lake anaipereka kwa mwini wake uja anamubera. Anagula mbuzi ziwiri m'malo mwa imodzi ija, ndipo patapita zaka zitatu anafolera nyumba ya amayi ake ndi malata.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi ili. Lamulungu lina masana anafika pakhomo pathu, nanjuta patsogolo pa bambo anga, nati, "Bambo, wailesi yanu ija ndinaba ndine. Ndabwera ndi ndalama zake, ndipo ndipempha kuti mundikhululukire." Bambo anga ndi munthu wosalankhulalankhula. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anaitana amayi kuti abweretse nsima, nadya naye mbale imodzi. Kuyambira tsikulo lamulo londiletsa kucheza naye linatha. Pa holide iliyonse ndinali kukhala naye pansi pa mtengo wa mango pamene anali kugwirira ntchito, iye ali kupala matabwa, ine ndiri kuwerenga mafunso a masamu mokweza, ndipo anali kuwayankha pamtima, munthu wa Folomu 2 kuthandiza wa Folomu 3. Ndinamupepesa za chibuluma chija. Iye anaseka, nati sakuchikumbukira, pakuti zaka zimenezo zambiri zinafafanizika m'mutu mwake.

Tsopano ndidziwa kuti pali anzanga amene adzanditsutsa, ndipo ndifuna kuwayankha mwaulemu. Oyamba ndi aja okonda sayansi, amene adzati, "Apa palibe za Mulungu. Mnyamatayo anangolimba mtima." Anzanga, kulimba mtima anali atakuyesa kambirimbiri. Analumbira pamaso pa amayi ake, analumbira pamaso pa nyakwawa, analumbira ngakhale pa manda a bambo ake, koma malumbiro onsewo sanathe sabata. Chimene chinasowa si nzeru, pakuti anadziwa bwino lomwe kuti kachasu ali kumupha. Chimene chinasowa ndi chifukwa chokhalira ndi moyo, popeza iye mwini anali atavomereza mawu athu akuti ndi munthu wotayika. Munthu wodziyesa chinyalala sadzisamala. Chikhulupiriro chinamuuza kuti ali wa mtengo wapatali pamaso pa Mlengi wake, ndipo pamenepo mpamene kulimba mtima kunapeza poponda.

Nkhani yotere si ya ku Ntcheu kokha. Ku Dublin m'dziko la Ireland kunali munthu wina dzina lake Matt Talbot, amene anabadwa m'chaka cha 1856. Iye anayamba kumwa ali ndi zaka 12, pamene anali kugwira ntchito kwa ogulitsa vinyo, ndipo anafika poika nsapato zake pa chikole kuti apeze mowa. M'chaka cha 1884, ali ndi zaka 28, anapita kwa wansembe, nalonjeza kusiya mowa kwa miyezi itatu yokha, kenaka anaonjezera, ndipo potsiriza analonjeza kwa moyo wake wonse. Anagwira ntchito m'bwalo la matabwa, nabweza ngongole zake, nakhala zaka 40 osamwa kufikira anafa m'chaka cha 1925 ali pa njira yopita ku Misa. Ku America nakonso, m'chaka cha 1935 mu mzinda wa Akron, zidakwa ziwiri, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, zinaona kuti pamene chidakwa chithandiza chinzake, onse awiri amalimba. Umo ndimo linayambira bungwe la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri. Njira yake imaphunzitsa munthu kuvomereza kuti payekha walephera, kudalira mphamvu yoposa yake, ndi kubwezera amene anawalakwira. Mnzangayu sanamvepo za anthu amenewa, komabe anayenda njira yomweyo. Sindinena kuti palibe munthu anasiyapo mowa popanda Chikhristu. Anzathu Achisilamu ali nazo nkhani zawo, ndipo ena anathandizidwa ndi achipatala okha. Ine ndingochitira umboni chimene ndinaona, kuti kwa mnzangayu chingwe chimene chinamutulutsa m'dzenje chinali Khristu.

Achiwiri ndi anzanga achangu pa zauzimu, amene adzati, "Akadakhala ndi chikhulupiriro chenicheni sakadagwa kawiri, ndipo sakadafuna chipatala." Kwa inu ndinena kuti maganizo otere ngoopsa. Akadatsatidwa usiku wa njoka uja, mwina tikadamuika m'manda zaka zisanu m'mbuyomo. Ndipo akadauzidwa tsiku la ukwati lija kuti kugwa kwake kwatsimikiza kuti sanatembenuke mtima, akadabwerera ku kachasu ndi manyazi osadzukanso. Petro anakana Mbuye wake katatu, koma sanachotsedwe pa ntchito. Kutembenuka mtima kumayamba tsiku limodzi, koma kumafuna masiku onse otsala, ndiponso kumafuna anthu. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndikhulupirira kuti Mulungu ndiye anapulumutsa mnzangayu, koma anamupulumutsa kudzera m'miyendo ya nkhalamba imene inayenda m'chisanu ndi kambale ka phala.

Achitatu ali ndi funso lowawa koposa, limene ine ndemwe ndinadzifunsa pa maliro: "Ngati Mulungu anamupulumutsa, anamulekeranji kufa ali mnyamata?" Chimene chinamupha ndi matenda a chiwindi, ndipo a ku chipatala anatiuza kuti chinali chitaonongeka kale m'zaka zija za kachasu. Maso ake anachita chikasu, mimba inatupa, ndipo anafooka pang'onopang'ono. Nditapita kukamuona ndinalira, ndipo ndinati, "Achimwene, zimenezi si chilungamo." Iye anayankha nati, "Mphwanga, Mulungu anandikhululukira machimo, koma sanandilonjeze chiwindi chatsopano. Ndikadafera m'ngalande muja amayi akadandilira ndi manyazi. Wandipatsa zaka zokonzera zimene ndinaononga, tsono ndidandaulenji?" Ine ndiribe yankho loposa limenelo. Koma tiphunzirepo kanthu, ife amene tikali ndi matupi athanzi. Madzi akatayika saoleka. Chikhululukiro chilipo, koma thupi limasunga ngongole yake, ndipo munthu asanene kuti ndimwe lero ndidzalapa mawa.

Pa maliro ake panafika anthu ochuluka kuposa amene mudzi wathu unawaonapo pa maliro a mnyamata. Bokosi lake anakhoma ndi mkulu uja, misozi iri m'maso. Pakati pa adzukulu okumba manda panali anyamata amene kale anali kumwa naye, pakuti m'zaka zake zotsiriza anali kuwaitana m'mawa asanaledzere, nawapatsa tiyi ndi ganyu yopala matabwa. Awiri mwa iwo anasiya mowa, ndipo mmodzi ndiye ali kugwiritsa ntchito zida zake lero lino.

Potsiriza, anzanga, ndiri ndi mapempho atatu. Loyamba ndi lakuti tisalawe. Masacheti analetsedwa, koma mowa waukali wotsika mtengo sunathe m'misika yathu. Ndiponso ndamva ena ali kunena kuti chamba chinaloledwa. Lamulo la chaka cha 2020 linaloleza kulima chamba kwa okhawo opatsidwa chilolezo, kuti chipangire mankhwala ndi zinthu za m'mafakitale. Kusuta ndi mlandu ndithu, ndipo ubongo wa mwana wa sukulu susintha chifukwa cha zokambidwa ku Nyumba ya Malamulo. Mnzangayu anali wanzeru kuposa ambiri a ife, koma kathumba kamodzi ka mtengo wa mandasi kanamuyambitsa ulendo umene unathera ku manda.

Lachiwiri ndi lakuti ngati wina mwa ife wagwidwa kale ndi chibaba, asabise. Apite kwa mphunzitsi amene amamukhulupirira, kapena kwa mbusa, wansembe kapena shehe, ndiponso ku chipatala. M'dziko muno muli malo othandiza anthu otere, monga Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu, ndipo kupitako si chamanyazi. Chamanyazi ndi kufera m'ngalande chithandizo chilipo.

Lachitatu ndi la ife tonse, makamaka anzanga a SCOM ndi YCS amene timapemphera pamodzi. Mnyamata uja tinamuseka abweranso teremu ino. Adzalowa m'chipinda chodyera maso ali pansi, podziwa zimene tinanena. Ngati tonse timuthawa, adzapeza abwenzi ku msika, pakuti kumeneko salephera kulandira munthu. Kodi ndani adzakhala naye pa benchi limodzi? Ndani adzamubwereka makope kuti alembe zimene anzake anaphunzira iye kulibe? Nyimbo zathu za Lamulungu zidzayesedwa pamenepo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ine ndinagendapo munthu wotere ndi chibuluma, ndipo ndinakhala chete pamene wina anasekedwa. Sindifuna kulakwa kachitatu. Tsiku limene adzafike ndidzatenga mbale yanga ndi kukakhala pambali pake, ndipo ndidzakondwa ngati ena a inu mudzabwera nafe.

Wophunzira wa Folomu 4